John Buchanan: Wosamala Dimba Amene Anafika Pokhala Konsulo

Pa 23 Okutobala 1876 kagulu ka amuna ochokera ku Scotland kanafika pamalo ena pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, m'dziko la Mfumu Kapeni. Malowo anawapeza ndi Henry Henderson, mothandizidwa ndi womasulira wake Tom Bokwito, ndipo anawatcha Blantyre pokumbukira mudzi umene David Livingstone anabadwira. M'kagulumo munalibe mbusa. Munali dokotala, T. T. Macklin, amisiri angapo, ndi mnyamata wa zaka 21 amene ntchito yake inali ya kudimba. Dzina lake linali John Buchanan.

Masiku ano ambiri a ife tikamva za munthu wosamala dimba timaganiza za gadeniboyi wa ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, wodula kapinga ndi kuthirira maluwa a bwana. Buchanan anabwera pa ntchito yonga yomweyo, koma pomwe ankamwalira patapita zaka 20 anali atatsegula minda ya khofi, nzimbe ndi fodya, atalemba buku, atatumiza zomera zambiri za kuno kwa akatswiri a ku Ulaya, ndiponso ataika mbali ya dziko lino m'manja mwa Britain ndi kalata ya dzanja lake. Analinso atachotsedwa ntchito ya mishoni chifukwa cha nkhanza, ndipo anali atatenga malo aakulu a makolo athu pamtengo wochititsa manyazi. Wophunzira za ulimi ayenera kumudziwa munthu ameneyu mbali zonse ziwiri.

Kumene anaphunzira ntchito

Buchanan anabadwa m'chaka cha 1855 ku Muthill, mudzi wa m'dera la Perthshire ku Scotland. Ntchito ya kudimba anaiphunzira ku Drummond Castle, nyumba ya anthu olemera ya pafupi ndi kwawoko, imene mpaka lero imatchuka ndi minda yake ya maluwa. M'masiku amenewo dimba la nyumba yotere linali ngati sukulu. Mnyamata ankayamba ndi kutsuka miphika ya mbande, kututa manyowa ndi kupalira tinjira. Akakhwima ankapita kumbali ya ndiwo zamasamba, kenako ya zipatso, kenako m'nyumba zagalasi mmene ankasungira zomera za kumayiko otentha. Ankayenera kuloweza mayina a Chilatini a zomera, kudziwa kusakaniza dothi, kumezanitsa mitengo, kuthena nthambi, ndi kulemba m'kabuku tsiku limene wafesa, limene mbewu yamera ndi limene yacha. Ichi n'chifukwa chake anyamata a kudimba a ku Scotland ankafunidwa ku India, ku Ceylon ndi m'mayiko ena ambiri.

Phunziro limeneli ndi limene pa Chingerezi amalitcha horticulture, dzina lochokera ku mawu awiri a Chilatini otanthauza dimba ndi kulima. Ndi nthambi ya sayansi ya mbewu imene imaona za ndiwo zamasamba, zipatso, maluwa, zokometsera ndiwo, nazale za mbande, ndi kukongoletsa malo ndi zomera. Kusiyana kwake ndi ulimi wa kumunda, monga wa chimanga kapena thonje, n'kwakuti kumunda mlimi amasamala munda wonse pamodzi, pamene kudimba amasamala chomera chilichonse pachokha. Malo amakhala ochepa, ntchito ndi madzi zimafunika zambiri, zokolola zimagulidwa bwino koma sizichedwa kuonongeka. Thumba la chimanga lingadikire miyezi isanu ndi umodzi m'nyumba. Dengu la tomato silingadikire ngakhale sabata ziwiri. Choncho wa kudimba amayenera kudziwa dothi, madzi, tizilombo, nyengo ndi msika pa nthawi imodzi.

Dimba la pa mishoni

Sikuti Buchanan anapeza anthu osadziwa dimba. Livingstone podutsa kuno m'chaka cha 1859 anachita chidwi ndi ulimi wa Amang'anja. Anthu ankalima mapira, chimanga, nyemba, khobwe, nandolo, maungu, mbatata, chinangwa, nthochi, nzimbe, thonje ndi fodya, ndipo chilimwe ankatsikira m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje kukalima pachinyontho. Amayi ankadziwa kufutsa nkhwani ndi chitambe kuti mfutso udzawapulumutse m'miyezi ya chilala cha ndiwo. Ankathyola bonongwe, chisoso, luni ndi denje, ndipo ana ankadziwa nyengo ya masuku, matowo, nthudza ndi mateme. Chimene chinasokoneza ulimiwu si umbuli ayi, koma nkhondo. Malonda a akapolo ndi kuopa Angoni zinachititsa anthu ambiri kusiya madambo achonde n'kukabisala m'mapiri. Kapeni mwiniyo ankakhala cha kuno ku Soche, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene analandirira alendowo chinali chiyembekezo chakuti adzakhala chishango chake.

Miyezi yoyamba ya mishoni inali yosokonekera. Anthuwo ankadwala malungo, analibe mtsogoleri weniweni, ndipo anachita kupempha thandizo kwa anzawo a Livingstonia, amene pa nthawiyo anali ku Cape Maclear. M'chaka cha 1877 kunabwera injiniya James Stewart, amene anayala malowo mwadongosolo ndi kukonza ngalande yobweretsa madzi kuminda. Apa m'pamene ntchito ya Buchanan inayamba kuoneka. Dimba silinali lokongoletsa chabe. Katundu wochokera ku Ulaya ankayenda miyezi ingapo, kudzera pa Zambezi ndi Shire, kenako pamutu pa amtengatenga kukwera zitunda za ku Chikwawa. Mishoni yosalima chakudya chake ikanafa ndi njala kapena ngongole.

Ntchito yaikulu inali kuyesa mbewu. Mbewu yochokera kudziko lozizira, kumene chilimwe dzuwa limachedwa kulowa, ikafika kuno imakumana ndi masiku otalika pafupifupi mofanana chaka chonse, mvula ya miyezi isanu ndi chilimwe cha miyezi isanu ndi iwiri. Ina imamera n'kukana kubereka, ina imathamangira kuchita maluwa isanapange mutu, ina imaola ndi chuku m'dzinja. Mlimi ayenera kupeza mwezi woyenera kufesa, kukula kwa mthunzi wa pa nazale, nthawi yowokera ndi madzi okwanira. Chimene chinathandiza n'chakuti Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo kuzizira kwa Meyi mpaka Julayi kumalola kabichi, karoti, anyezi, letesi ndi nsawawa kuchita bwino. Kalendala imene alimi a ku Bvumbwe amatsata lero, yolima masamba a kozizira nthawi ya chisanu pothirira, inachokera m'kuyesa kotere.

Kamtengo kamodzi ka khofi

M'chaka cha 1878 kunafika mbusa woyamba, Duff Macdonald, ndipo kunabweranso wa kudimba wachiwiri, Jonathan Duncan. Duncan ananyamula timitengo titatu ta khofi tochokera m'munda wa zomera wa Royal Botanic Garden ku Edinburgh. Tiwiri tinafa, kamodzi kanapulumuka n'kukula m'dimba la mishoni. Njere za kamtengo kameneka ndi zimene zinayambitsa minda yoyamba ya khofi m'mapiri a Shire.

Wina angadabwe kuti mtengo umodzi wopanda mnzake unabereka bwanji. Yankho lili m'duwa. Khofi wa mtundu wa arabika amadzibereketsa yekha: mungu wa duwa umatha kugwira ntchito pa duwa lomwelo. Pakanakhala mtundu wa robusta, umene umafuna mungu wa mtengo wina, nkhaniyi ikanathera pomwepo. Koma mwayi womwewo unabisa ngozi. Mitengo masauzande yochokera kwa kholo limodzi imafanana mphamvu, imafanananso kufooka. Tenda kapena kachilombo kakagonjetsa umodzi, kagonjetsa munda wonse. Phunziro limeneli alimi a nthochi a ku Thyolo ndi Mulanje analiona ndi maso pamene matenda a chisaka anafalikira kudzera m'ana a nthochi ogawana pakati pa anansi, minda yambiri n'kutheratu. Mbande yaukhondo, ndi kusadalira mtundu umodzi wokha, ndi maziko a dimba lililonse.

Duncan ndiye anabweretsa khofi, koma amene anamusandutsa malonda ndi Buchanan. M'chaka cha 1879 anatumizidwa ku Zomba kukatsegula nthambi ya mishoni m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, pamalo a madzi osaphwa ndi dothi lakuya. Anaphunzira Chiyao, ndipo anazolowerana ndi mafumu a kumeneko.

Chikoti pa mishoni

Pa nthawi yomweyo ku Blantyre kunkachitika zinthu zimene zinadetsa dzina la mishoni. Akapolo othawa ndi anthu ena osowa pogwira ankakhamukira pamalopo, ndipo posakhalitsa mishoni inasanduka mudzi waukulu. Kunalibe boma la atsamunda, ndipo amishoniwo, m'malo mopereka milandu kwa mafumu, anadziika okha kukhala oweruza. Anamanga ndende, ndipo akuba kapena oganiziridwa kuba ankakwapulidwa zikoti zambirimbiri. Mu Febuluwale 1879 munthu wina woganiziridwa kuti anapha mayi anaomberedwa ndi mfuti pa chigamulo cha amishoni. Wamtengatenga wina anamwalira atakwapulidwa chifukwa cha katundu wosowa. Panalinso wina amene anakwapulidwa, pambuyo pake n'kudziwika kuti analibe mlandu.

Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, anaona ndi kumva zimenezi, ndipo m'chaka cha 1880 anasindikiza kabuku koulula zonse ku London. Mpingo wa Church of Scotland unatumiza anthu awiri kudzafufuza: Alexander Pringle ndi Mbusa James Rankin. Rankin anali mbusa wa ku Muthill, kwawo kwenikweni kwa Buchanan. Zotsatira zake, m'chaka cha 1881 Macdonald anaitanidwa kubwerera kwawo, ndipo Buchanan ndi mmisiri George Fenwick anachotsedwa ntchito. Mishoni inayambanso mwatsopano pansi pa David Clement Scott, amene pambuyo pake anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891.

Ena amachepetsa mlanduwu ponena kuti Buchanan anali mwana, kutali ndi kwawo, wopanda womulangiza. N'zoona kuti anali asanakwanitse zaka 25. Koma amene anakwapulidwawo analinso ana a anthu, ndipo anabwera pamalopo chifukwa anamva kuti ndi pothawira. Munthu amene ankadziwa kuti mbande yanthete siigwiridwa ndi dzanja lolemera analephera kuona chimodzimodzi pa msana wa mnzake. Luso la manja silisintha mtima palokha.

Mlimi wa ku Zomba

Fenwick atachotsedwa analowa m'malonda a minyanga, ndipo m'chaka cha 1884 anawombera Chipatula, mfumu ya Amakololo, iyenso n'kuphedwa ndi anthu a mfumuyo. Buchanan anatenga njira ina. Anabwerera ku Zomba, pa Mulunguzi pomwe paja, n'kuyamba kulima payekha. Abale ake awiri, David ndi Robert, anamutsatira, ndipo anapanga kampani ya Buchanan Brothers. Analima khofi, analima nzimbe n'kumapanga shuga, anayesanso fodya wa mitundu yakunja. Fodya woyamba kutumizidwa kunja kuchokera m'dziko lino, m'chaka cha 1893, anachokera m'minda ya banja limeneli. Anatsegulanso munda wina ku Michiru, pafupi ndi kumene lero kuli Chilomoni.

Khofi ndi mbewu yofuna mlimi wa kudimba. Njere zimafesedwa pa nazale ya mthunzi, mbande zimawokeredwa m'mayenje othira manyowa, ndipo mlimi amadikira zaka zitatu kapena zinayi asanathyole kanthu. Mtengo umafuna kuthenedwa kuti usabereke mopitirira n'kudzitopetsa, umafuna kuphimbira pansi kuti chinyontho chisathawe mu Okutobala, ndipo zipatso zimathyoledwa chimodzichimodzi zikafiira. Zikathyoledwa zimasendedwa tsiku lomwelo, kuvundikidwa, kutsukidwa ndi kuyanikidwa. Kulakwitsa pamodzi pokha kumatsitsa mtengo wa thumba lonse. Buchanan anaonetsa kuti zonsezi n'zotheka kuno, ndipo azungu ena ataona anayamba kubwera kudzafuna malo.

M'chaka cha 1885 anasindikiza buku lotchedwa The Shirè Highlands, lofotokoza dziko, anthu, nyengo ndi mbewu zimene zingalimidwe. Bukulo linali ngati kalata yoitana alendo. Chaka chotsatira, 1886, abalewo anamangira konsulo wa Britain, A. G. S. Hawes, nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka ku Zomba. Nyumbayo ilipo mpaka lero. Ndi imene anthu amaidziwa kuti Masongola. Kukhalapo kwa Buchanan ndi nyumba imeneyi ndi zina mwa zifukwa zimene Zomba anadzakhalira likulu la dziko mpaka 1975.

Dzina lake m'nkhalango

Mbali ina ya ntchito yake siidziwika kwambiri kunja kwa akatswiri a zomera. Buchanan ankatola nthambi za mitengo, udzu ndi maluwa a m'tchire, kuzipanikiza pakati pa mapepala mpaka ziume, kulemba kumene wazipeza, n'kuzitumiza ku Ulaya, makamaka ku munda wa zomera wa Kew ku London. Kumeneko akatswiri ankaziyerekeza ndi zimene anali nazo kale, ndipo zimene zinali zachilendo kwa iwo ankazipatsa mayina a Chilatini. N'chifukwa chake zomera zingapo za kuno zili ndi dzina lake kumapeto: Newtonia buchananii, Garcinia buchananii, Landolphia buchananii, ndi Aloe buchananii, kachomera ka m'mapiri kamene kamapezeka m'Malawi mokha.

Newtonia buchananii ndi mtengo umene makolo athu anautcha kale mkweranyani. Dzina la Chilatini limakumbukira wotola. Dzina la Chichewa limafotokoza zimene anthu ankaona m'nkhalango. Wophunzira wa lero amafunika onse awiri. La Chilatini limamuthandiza kumvana ndi katswiri wa ku Kenya kapena ku Brazil popanda kusokoneza mitengo, la kwathu limamutsegulira nzeru za agogo amene amadziwa nthawi imene mtengowo umagwetsa njere ndi malo amene umakonda. Ntchito yosunga zomera zouma ndi zamoyo inapitirira pamene Alexander Whyte anatsegula munda wa zomera wa boma ku Zomba m'chaka cha 1891. Whyte ndi amene dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi.

Kalata imene inasintha dziko

Hawes atachoka, Buchanan anagwirizira udindo wa konsulo. Udindowo unali ndi zowawa zake. Ulendo wina anatsika m'sitima pagombe la Mfumu Makanjira, kum'mawa kwa nyanja, ali ndi mbusa wa UMCA, William Percival Johnson. Anthu a mfumuyo anawagwira, Buchanan anavulidwa zovala ndi kumenyedwa, ndipo anamasulidwa atalipira dipo. Amene kale anagwiritsa chikoti analawa yekha kuwawa kwake.

M'chaka cha 1889 msilikali wa Chipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera mtsinje wa Shire ndi gulu lalikulu la asilikali. Portugal inkafuna kulumikiza Mozambique ndi Angola, ndipo mapiri a Shire anali pakati pa njirayo. Mu Ogasiti Buchanan analembera Pinto kumuchenjeza kuti asapitirire, ndipo pa 21 Seputembala 1889 analengeza kuti dziko la Amakololo, Ayao ndi Amachinga lili pansi pa chitetezo cha Britain. Mu Novembala asilikali a Pinto anamenyana ndi Amakololo a Mlauli n'kupha ambiri. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuchotsa asilikali ake, ndipo Portugal inagonja. M'chaka cha 1891 dziko lonse linalengezedwa kukhala pansi pa Britain, Harry Johnston n'kukhala bwanamkubwa woyamba. Buchanan anapatsidwa ulemu wa CMG m'chaka cha 1890. Kuti ife a ku Blantyre lero timaphunzira m'Chingerezi osati m'Chipwitikizi, mbali ina n'chifukwa cha kalata ya wosamala dimba uja.

Malo

Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Buchanan kanameta, kanachekanso. M'zaka zimene boma linali lisanakhazikike, iye ndi abale ake, monganso Eugene Sharrer, kampani ya Mandala ndi ena, anapangana ndi mafumu za malo posinthana ndi nsalu, mfuti, mikanda ndi tinthu tina. Kwa mfumu, kupereka malo kunali kulola mlendo kulima ndi kukhala, chifukwa nthaka inali ya mtundu wonse, amoyo ndi osabadwa. Kwa mzungu, pepala losainidwa linkatanthauza kuti malowo ndi ake mpaka muyaya. Kuyambira 1892 Johnston anayamba kupereka zikalata zotsimikizira umwini, zotchedwa Certificates of Claim, ndipo banja la Buchanan linakhala ndi maekala opitirira 160,000. Gawo limene analimapo linali laling'ono kwambiri poyerekeza ndi malo onsewo.

Zikalatazo zinkanena kuti midzi yopezeka kale pamalopo isasokonezedwe, koma m'kupita kwa zaka lonjezolo linafooka. Anthu okhala m'maesiteti, makamaka Alomwe amene ankalowa kuchokera ku Mozambique, anayamba kulipira malo ndi thukuta lawo. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Mkwiyo umene unaphulika ndi John Chilembwe m'chaka cha 1915 unayambira pa maesiteti a Bruce ku Magomero, osati a Buchanan, ndipo iye anali atamwalira kale. Komabe dongosolo la malo limene linabala mkwiyowo ndi limene iye anathandiza kuyala. Kuchepa kwa minda ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre lero kuli ndi mizu yake m'zaka zimenezo.

Imfa yake ndi kugwa kwa khofi

Kumayambiriro kwa 1896 Buchanan ananyamuka ulendo wopita kwawo ku Scotland. Sanafike. Anadwala malungo panjira ndipo anamwalira pa 9 Malichi 1896 ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, ali ndi zaka 40. Pofika 1901 minda ya banjali inali m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa, yotsogozedwa ndi R. S. Hynde.

Anamwalira khofi ali pachimake, mpaka mtengo wa khofi unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la British Central Africa. Chaka cha 1900 ndi chimene khofi anatumizidwa kunja wochuluka koposa, ndipo kuchokera pamenepo anagwa msangamsanga. Mvula inavuta, mbozi zoboola tsinde ndi tizilombo tina zinachuluka, nthaka yolimidwa popanda kubwezera manyowa inaguga, ndipo khofi wochuluka wa ku Brazil anagwetsa mitengo pamsika wa dziko lonse. Eni minda anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Kugwa kumeneku kumakhudza mbiri ya mpingo wathu. Joseph Booth, m'dzina la a Seventh Day Baptist a ku America, anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo pa munda wa khofi, poyembekeza kuti khofiyo adzalipira ntchito ya uthenga. Khofi atalephera, malowo anagulitsidwa kwa a Seventh-day Adventist m'chaka cha 1902, ndipo Thomas Branch ndi banja lake anabwera kudzayamba ntchito. M'chaka cha 1907 malowo anatchedwa Malamulo. Chipatala ndi sukulu zimene timanyadira zinamera pa munda umene mbewu yake inakanika.

Zimene zatsala

Mbewu ziwiri zimene zinatchukitsa Buchanan, khofi ndi fodya, ndi zimene ife a Adventist sitigwiritsa ntchito. Zimene zinakhalitsa pa mbale ya munthu wamba ndi zija zinkaoneka zazing'ono: bedi la masamba, mtengo wa zipatso pakhomo, nazale, ngalande ya madzi. Pitani mumsika wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Zingwangwa m'mamawa mukaone tomato ndi kabichi wa ku Bvumbwe, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, manachesi a ku Mwanza, zinanazi za ku Mulanje, mpiru ndi chayinizi za m'madimba a m'mbali mwa Mudi ndi Likhubula. Mabanja ambirimbiri amalipira lendi ndi fizi kuchokera m'madengu amenewo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza munthu kudya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi masamba patsiku, ndipo uthenga wa zaumoyo umene timalalikira sungayende popanda wina wolima zinthuzo.

Mafunso amene Buchanan ankalimbana nawo akadalipo, ndipo ndi amene akufufuzidwa pa malo a kafukufuku a Bvumbwe ndi kuphunzitsidwa ku Bunda. Ndi mtundu uti wa tomato umene ungapirire matenda a m'dzinja? Mango omezanitsa, amene amabereka m'zaka zitatu kapena zinayi, angafike bwanji kwa mlimi wa ku Machinjiri pamtengo woti angakwanitse? Tingachepetse bwanji zokolola zoolera pamsika mu nyengo ya zochuluka? Madzi a m'mitsinje ya m'tauni, amene amalandira zonyansa za m'mafakitale ndi m'nyumba, ndi abwino kuthirira masamba odya osaphika? Nanga bonongwe ndi luni, zimene sizifuna mankhwala ambiri, bwanji sizipatsidwa ulemu wofanana ndi kabichi? Ndipo ife okhala m'tsinde mwa Soche, amene tinaona matope ndi miyala zikutsika phiri n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sitifunikanso kuuzidwa kuti nazale ya mitengo ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Buku la Genesis limatiuza kuti ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa, uchimo usanalowe, inali yolima ndi kusunga munda. Pamenepo m'pamene pachokera chiphunzitso chimene mu mpingo timachitcha ukapitawo. Koma mawu omwewo akuti kapitawo agogo athu ankawamva ndi mantha, chifukwa pa esiteti kapitawo anali munthu wa chikoti ndi kabuku kolemba masiku a thangata. Buchanan anadziwa kulima, ndipo pa luso limenelo tingaphunzire zambiri kwa iye: kuyesa mbewu moleza mtima, kulemba zimene waona, kudziwa chomera ndi dzina lake. Pa kusunga ndi pamene anaperewera, chifukwa munda umene anapatsidwa unali ndi anthu ake, ndipo iye anawawerengera pamodzi ndi maekala. Amene mwa ife adzatuluke pano n'kukatsegula dimba, nazale kapena famu adzalemba anthu aganyu, adzagula malo kwa amfumu, adzapatutsa madzi amene ena kumunsi akuwadikira. Pa zinthu zitatu zimenezi m'pamene Buchanan anayesedwa, ndipo ifenso tidzayesedwa pomwepo.